Mmene ndinakhalira agogo ndili ndi zaka 19

Popeza nkhaniyi mwaiwanditsa kale pa WhatsApp, ena mpaka mukuti anandichotsa sukulu, lekani ndiinene ndekha mwiniwakene.

Choyamba mundimvetse. Kusekondale tinkakopera notsi pabolodi zaka zinayi, kuloweza, kenako n'kukazilavula momwemo pa MSCE. Ukabweza mawu a aphunzitsi osasiya ndi kadontho komwe, amakuombera m'manja pa asembule. History ine ndinapeza 2. Ndani anandiuza kuti kukoleji luso lomweli amalitcha kuba?

Asainimenti inali ya John Chilembwe ndi kuukira kwa pa 23 January 1915. Ndinaiyamba usiku woti mawa tikupereka, magetsi atathima, bandulo ikutha. Pa intaneti ndinapeza nkhani ya Chingerezi chosalala, ndinati Mulungu wayankha. Mbombwe alimo, Magomero alimo, mutu wa William Jervis Livingstone, mzungu amene anthu a Chilembwe anam'dula khosi, ulimo. Malo angapo ndinachotsa "however" n'kuikapo "but" kuti ikhale yangayanga. Kuiwerenga yonse? Nthawi yake iti?

Tsiku lobweza mapepala, Madamu anatsala ndi limodzi m'manja. Anati pali ntchito ina yowagometsa, tiimve tonse. Ine chifuwa tu! Ndinakhala bwino pampando.

Anawerenga pang'onopang'ono, mpaka anafika pa chiganizo chakuti mlembiyo anakhala pansi ndi madoda amene anamuona Chilembwe ndi maso awo akulalikira ku Mbombwe. Anaima. Anavula magalasi. Anawapukuta ndi nsonga ya bulauzi, galasi limodzi, kenako linalo, n'kuwayang'anitsa kuwindo, n'kupukutanso. Kunja khwangwala analira. Anavala magalasi aja, n'kubwereza chiganizo chomwecho, ulendo uno motsindika mawu oti "I".

"Amene analemba izi alipo muno?"

Ndinaimirira. Miyendo inkadziyendera yokha.

"Aaa, agogo, pepani, musaimirire. Msana ungapweteke. Ana inu, apatseni mpando wakutsogolo."

Kalasi yonse gwa! Wina kumbuyo anagwa pabenchi zenizeni. Madamu osaseka ngakhale pang'ono. Anandifunsa mwaulemu ngati ku Chiradzulu ndinapita wapansi kapena pabulu. Anafunsanso ngati msonkho wa nyumba ndinkalipira ndekha kwa atsamunda, komanso ngati thangata ndinaigwirako. Ine ndi nzeru zanga zonse za 2 uja ndinayankha kuti, "Madamu, inali typing error."

Ndime yathunthu, anthuni.

Kuofesi anandionetsa lipoti la Turnitin, makina a pakompyuta amene amaika mitundu pa mawu onse okopera kwina. Pepala lonse mitundumitundu ngati chitenje cha chikondwerero. Poyera panali pa dzina langa, nambala yanga, ndi ma "but" anga aja. Pamenepo ndiye ndikuti munditamandeko, chifukwa makinawo anavomereza kuti amenewo ndi anga.

Anandipatsa ziro ndi mwayi wolembanso. Ndinakalowa mulaibulale, n'kulemba Chingerezi changa chotsimphina, chiganizo chilichonse chili ndi mwiniwake ndi chaka chake. Ndinatsala pang'ono kuika gwero pa dzina langa lomwe. Ndinangokhoza mokwawa, koma Madamu analemba m'mphepete kuti ndime yachitatu, pamene ndinatsutsana ndi buku lina pa nkhani ya thangata, ili ndi mutu.

Ndiye amene mukunditumizira zithunzi za ndodo aja, ndakuonani. Ena a inu asainimenti yomweyo munakopera kwa ine, mwayi wanu unali woti munathera tsamba loyamba bandulo itatha. Mayina ndili nawo. Kungoti pano ndatopa, ukalambawu.