Sabata imene ndinalondola mapazi a mphenzi mu Harare

Mvula imene inagwa Lamulungu usiku inabwera ndi mabingu ogwedeza mazenera, ndipo pofika 6 koloko m'mawa wa Lolemba foni yanga inali italira kale kangapo. Ndine wokonza zamagetsi komanso woika sola muno mu Harare, ndipo kuyambira mu Novembala mpaka mu Malichi ntchito yanga yambiri imakhala yokonza zimene mphenzi yawononga. Tsiku limenelo ndinalithera ku Kuwadzana ndi ku Warren Park, kumene ndinasintha mota wa geti ndi zipangizo za pampu ya madzi.

Lachiwiri ndinapita ku Mufakose kwa agogo ena amene makolo awo anachokera ku Dedza, ndipo mpaka lero amalankhula Chichewa chabwino kuposa changa. Mwana wawo wa ku Johannesburg anawalipirira sola kuti asamavutike magetsi akazima. Nditangolowa m'chipinda ndinamva fungo la pulasitiki wopsa, ndipo nditatsegula inverter, kabokosi kamene kamasandutsa mphamvu ya sola kukhala magetsi a m'nyumba, ndinapeza mkati monse muli bii ngati pansi pa mphika, tizitsulo tina titasungunuka n'kumatirirana. Agogo anaima pakhomo akundiyang'ana, kenako anati: "Mwana wanga, denga lili bwinobwino, ngakhale lata limodzi silinabooke. Nanga mphenziyo yalowera pati? Kapena alipo amene wanditumizira?"

Funso limeneli ndimalimva chaka chilichonse ndipo sindiliseka, chifukwa munthu amene akufunsayo amakhala ali ndi mantha enieni. Ndinawafotokozera kuti mphenzi sichita kufunika kugunda nyumba kuti iwononge katundu, chifukwa ikagunda pholo kapena mtengo cha kutsidya kwa msewu, mphamvu yake imayenda m'nthambo mpaka kufika pa chipangizo chimene chinapangidwira magetsi a 230V okha, pamene mphenzi imodzi imanyamula ma amp (muyezo wa magetsi oyenda m'waya) pafupifupi 30,000. Mphamvu yotereyi imafuna njira yopitira m'nthaka, ndipo njira imeneyo ndi waya wa earth, umene umalumikizidwa ku chitsulo chokhomedwa pansi. Titakumba kuseri kwa nyumba tinapeza kuti kachitsulo kamene kanakhomedwa pansi kanali kotalika ngati mkono wanga basi, kadzimbiri, ndipo waya wake anangoukulunga m'malo mougwiritsa ndi bauti. Surge protector, kachipangizo koteteza katundu magetsi akabwera mwamphamvu mwadzidzidzi, panalibe n'komwe. Zimenezi zinandipweteka mtima, chifukwa amene anaika solayo analandira ndalama zonse, koma anachita zachidule pamalo pamene ankadziwa kuti agogo sadzayang'anapo.

Lachitatu ndi Lachinayi ndinali ku Budiriro, m'nyumba zomangidwa m'dambo kufupi ndi mtsinje wa Marimba. Madzi anali ataphwa, koma anasiya mzere wa matope pakhoma wofika m'maondo, ndipo masoketi a m'munsi anali odzaza ndi thope. Bambo wina anandikwiyira nditakana kuyatsa magetsi, ponena kuti nyama ikuwola mufiriji. Ndinawamvetsa, koma makina anga oyezera ankasonyeza kuti nthambo zikadali zonyowa, ndipo m'nyumbamo munali ana oyenda opanda nsapato pa simenti yonyowa. Ndinasiya main switch, swichi ya magetsi a nyumba yonse, ili yozima ndipo ndinaimanga ndi tepi yofiira.

Lachisanu masana mvula inatipeza padenga ku Highfield tikumangirira mapanelo a sola. Kutang'anima ndinayamba kuwerenga masekondi, ndipo bingu linamveka ndisanafike pa 9. Popeza phokoso limatenga pafupifupi masekondi 3 kuyenda kilomita imodzi, mphenziyo inali pamtunda wosakwana makilomita atatu. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anati: "Achimwene, kwatsala mabauti awiri okha, tingomaliziratu." Ndinamulamula kuti atsike nthawi yomweyo, ndipo tinakakhala m'galimoto mawindo ali otseka mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Tili m'menemo ndinamuuza zimene zinachitika pa 23 Disembala 1975 kum'mawa kwa dziko lino, cha ku Mutare, pamene mphenzi imodzi inapha anthu 21 amene anabisala mvula m'nyumba yaudzu. Anangoti duu, ndipo za mabauti sanazitchulenso.

Loweruka ndinabwerera ku Mufakose ndi zitsulo zitatu zokutidwa ndi mkuwa, waya wonenepa ndi surge protector. Titakhoma chitsulo choyamba muyezo wa ma ohm, wosonyeza mmene magetsi akuvutikira kulowa m'nthaka, unali udakali wokwera, choncho tinawonjezera zina ziwiri motalikitsa n'kuzilumikiza, mpaka makina anasonyeza ma ohm osakwana 10. Inverter yatsopano idikira kuti mwana wawo atumize ndalama kumapeto kwa mwezi. Agogo anatipatsa tiyi ndi mbatata yophika, kenako anandipempha kuti ndiwasonyezenso mapulagi amene ayenera kuzula mitambo ikayamba kuda. Ndinawasonyeza la wailesi yakanema, la decoder pamodzi ndi nthambo ya dishi, komanso la firiji, ndipo iwo anamangirira kansalu kofiira pa lililonse kuti asaiwale.