Timitengo ta Khirisimasi ta zidutswa za matabwa

Zidutswa ndimayamba kutolera mu Seputembala, mvula ya kuno ku Johannesburg isanagwe, matabwa akadali ouma ndi chilimwe. Zambiri ndi za mapaleti, zina ndi zotsala za paini wa kudenga, uja wa 38 x 38 mm.

Ntchito yaikulu ili pa kusankha. Paleti iliyonse ndimaiona chidindo cha m'mbali. Ikalembedwa HT, inangoikidwa pa kutentha kwakukulu kuti tizilombo tife, ndipo ndimaitenga. Ikalembedwa MB, inafukizidwa ndi methyl bromide, mankhwala a poizoni ophera tizilombo, ndimaisiya pomwepo. Thabwa lobiriwirako lothiridwa mankhwala a CCA, lija la mipanda ndi mizati, lili ndi poizoni wotchedwa arsenic. Chonde musalipale, musalipatse ana, ndipo zotsala zake musasonkhere moto wootchera nyama. MDF, ija youmbidwa ndi tizidutswa tosalala ta mtengo ndi guluu, nayo ayi, imafufuma ikangolawa madzi.

Zimene ndasankha ndimazula misomali, kenako ndimazisanja m'nyumba masabata awiri, timitengo pakati kuti mpweya uzidutsa. Thabwa lonyowa mukalipenta limapindika, penti n'kusenda.

Kamtengo kalikonse ndi makona atatu: 90 mm m'munsi, 140 mm kutalika. Ndimajambula kaye pa katoni kuti tonse tifanane. Mizere ya thabwa iziyenda kuchokera pansi kupita kunsonga. Ikayenda mopingasa, nsonga imathyoka kakangogwa pa simenti.

Bowo la chingwe chopachikira, la 3 mm, ndimaboola ndisanadule, 20 mm kuchokera pansonga, nditayala thabwa lina pansi kuti kuseri kusang'ambike. Mukadula kaye, pansongapo pamatsala thabwa lochepa ndipo pamasweka. Podula ndimamanga thabwa lalitalilo ndi kalampu, n'kumachotsa kamodzikamodzi ndi sowo ya mano aang'ono. Kachidutswa kochepera chikhatho sikagwiridwa ndi zala pafupi ndi sowo.

Toima patebulo timafuna phazi. Ndimadula 38 x 38 uja kutalika 40 mm, ndimaboola 8 mm pakati pake ndi m'munsi mwa kamtengo, kuya 15 mm konsekonse, n'kulumikiza ndi kandodo kozungulira ka 8 mm. Apa m'pamene ambiri amalephera. Kumapeto kwa thabwa kumamwa guluu ngati nthaka ya mchenga, choncho ndimapaka kaye pang'ono, ndimadikira mphindi 10, n'kupakanso. Guluu woyera wa matabwa ndi wokwanira. Ndimamanga ndi mphira ya tchubu ola limodzi, koma sindikhudza mpaka mawa lake. Wotuluka m'mbali pukutani nthawi yomweyo ndi kansalu konyowa, chifukwa akauma vanishi salowa pamenepo, pamatsala banga.

Sandipepala ndi wokhakhala wa nambala 80, kenako 120, kumalizira wosalala wa 220, motsata mizere, kumaso kutaphimbidwa.

Penti ndimakonda ya madzi. Kupaka koyamba kumadzutsa tiubweya ta thabwa, ndiye ikauma ndimapalanso mopepuka ndi 220. Pamfundo za paini pamatuluka utomoni umene umabowola penti yoyera n'kusiya mawanga achikasu patapita masabata angapo, motero mfundo iliyonse ndimaitseka ndi shellac, mtundu wina wa vanishi, kawiri ndisanapente. Vanishi wa mafuta amasandutsa zoyera kukhala zachikasu, ndiye pa zoyera ikani wa madzi. Mu Disembala ndimapenta m'mawa, chifukwa masana kukagunda mabingu chinyezi chimachedwetsa kuuma, fumbi n'kumamatirapo.

Kunena zoona, thabwa la paleti limakongola kwambiri likasiyidwa mbali imodzi osapenta, mabowo a misomali akuoneka. Ine ndimapenta nkhope yokha, yobiriwira kapena yoyera, m'mbali ndimangopaka vanishi.

Chingwe ndimadula 200 mm. Nsonga yake ndimaiviika mu guluu kuti iume gwa, ilowe m'bowo mosavuta, kenako ndimamanga mfundo.