Zaka 22 pa gitala

Gitala ndakhala nayo zaka 22. Anthu akandifunsa ndimati ndaiimba zaka 22, ndipo mawu amenewa akhala ngati chiphaso changa. Pakabuka mkangano wa nyimbo ndimangowatchula, aliyense n'kukhala chete.

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 15, anayamba kuphunzira gitala miyezi 8 yapitayo, mphunzitsi wake ndi foni. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mayi ake anakonza zotiimbira nyimbo ziwiri. Ndinafika msanga n'kumupeza akuyeserera.

"Bwera nayo kuno," ndinatero. "Sinachunidwe bwino imeneyo."

"Ndangoichuna kumene, amalume. Foni yavomereza."

"Foniyo ili ndi zaka zingati pa gitala?"

Anandipatsa ndi manja awiri, mwana waulemu, tsoka lake.

Apa ndifotokoze pang'ono kuti mumvetse kukula kwa mlandu wanga. Gitala ili ndi mawaya 6. Kuyambira wonenepa mpaka woonda amachunidwa E, A, D, G, B, E. Wopanda foni amachuna ndi khutu: amadina waya pa fret yachisanu (ma fret ndi timizere tachitsulo topingasa pakhosi la gitala), n'kumapotokola waya wotsatira mpaka awiriwo amveke chimodzimodzi. Koma pali pamodzi pamene lamuloli limasintha. Ukafika pa waya wa G umadina pa fret yachinayi, osati yachisanu. Kaya amene anandiphunzitsa anali pachangu, kaya ndine ndinali nditasiya kumvetsera, mbali imeneyi sinandifike. Ine ndinkangodina pachisanu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Choncho B wanga anali C, ndipo E womaliza anali F, chaka ndi chaka.

Mufunsa kuti sindinkamva bwanji. Ndinkamva ndithu. Mawaya awiri oondawo ankalira ngati udzudzu wodwala chimfine, koma mlandu ndinkaupereka kwa opanga mawaya. Ndinagula atsopano katatu, onse n'kukhala achinyengo. Kenako ndinangozolowera kukhwatcha mawaya anayi onenepawo basi, ndipo ma chord (mawu a mawaya angapo olira pamodzi) a G, C ndi E minor ankatuluka bwinobwino. Chord ya D, imene imadalira kwambiri mawaya oonda, ndinaichotsa m'moyo mwanga. Ndinkauza anthu kuti ndi chord ya ana. Ndipo poti ndinkaimba ndekha kuchipinda, panalibe wondiyankha.

Ndiye ndinakhala pansi n'kukonza gitala ya mwanayo m'njira yangayi, mwakachetechete, maso ali otsinzina ngati katswiri. Nditamubwezera ndinamuuza kuti asaikhudzenso.

Anthu atasonkhana, mtsikana uja anaimirira, n'kupuma mozama, n'kukhwatcha G, mawaya onse 6 nthawi imodzi. Zimene zinatuluka pamenepo sindingazitche nyimbo. Galu amene anagona pakhomo anadzuka n'kupita, osacheuka. Khanda la msuweni wathu linayamba kulira, ndipo kunena zoona, khandalo linali pa kiyi yabwinoko. Mwanayo anayang'ana zala zake, zinali pamalo pake. Anakhwatchanso. Zomwezo. Pamenepo anatulutsa foni m'thumba n'kuliza waya wachiwiri kuchokera pansi. Foni inalemba C, chilembo chachikulu choti aliyense awerenge.

"Amalume, waya uyu amayenera kukhala B."

"Iwe, ine gitala ndaiimba zaka 22."

"Zaka 22 zake ziti, achimwene?" anatero mlongo wanga. "Zoposa theka inali pamwamba pa wadirobu, akangaude ndi amene ankaiimba."

Mlamu wanga, munthu wosakonda kulankhula, anadikira mwanayo atachunanso n'kunena mofatsa kuti, "Alamu, tatiimbireni kamodzi inuyo, timve zaka zija."

Kukana kunali kovuta. Ndinatenga gitala, n'kuika zala pa G, ndipo chifukwa cha manyazi dzanja linathamanga n'kudutsa mawaya onse, ngakhale awiri aja amene ndinkawalambalala. Abale inu, inalira ngati ya pa wailesi. Ndinakhwatchanso kuti nditsimikize. Kenako mwakabisira ndinayesa D. Chord yokoma chotere, ndinaida zaka zonsezo isanandilakwire kanthu. Ndinakhala pamenepo ndikuliza D yekhayekha, misozi ili pafupi, mpaka mlongo wanga anandikumbutsa kuti woimba wa tsikulo si ine.

Mtsikana uja anaimba nyimbo zake ziwiri mosaphonya, kuphatikizapo chord ya F, ija yodina mawaya onse ndi chala chimodzi, imene ine ndakhala ndikunena kuti ndi yosafunika kwenikweni.

Madzulo anabwera kudzandipepesa, ngati wolakwa ndi iyeyo.

"Musadandaule, amalume. Kuli woimba jazz wa ku America, Stanley Jordan, amene amachuna gitala yake E, A, D, G, C, F. Ndendende ngati inu."

Ndinawongoka pampando. Ndinaitana mlamu wanga kuti abwere adzamve yekha. Ndinamuuza mwanayo kuti abwereze mokweza, ndipo anabwerezadi, dzina ndi zilembo zonse.

"Mwamva, alamu?" ndinatero. "Ine ndi Stanley Jordan, njira imodzi."

"Eya," anatero mwanayo. "Kungoti iyeyo amadziwa kuti akutero."