Lachitatu, ndi ana anga a Fomu 4

Lero phunziro lonse la Chingerezi lathera pa chiganizo chimodzi chomwe ndinalemba pa bolodi: "The Southern Region bore the brunt of Cyclone Freddy." Ndinafuna tingokambirana mwachidule tipitirire zina, poti mayeso a MSCE ayandikira, koma zinakana.

Nditawauza kuti akopere, ndinazungulira kuona m'makope. Ambiri analemba "blunt". Sindinawakalipire, chifukwa lilime lathu silisiyanitsa l ndi r. Koma pa mayeso wochonga sangamve zimenezo. "Blunt" ndi mpeni wobuntha, pamene "brunt" ndi ukali weniweni wa chinthu chopweteka, pomwe chagunda mwamphamvu. Mawuwa ndi akale, ankanena za kumenya kapena kuukira pa nkhondo, ndipo masiku ano sayendayenda okha, nthawi zambiri amatsagana ndi "bear" kapena "take". Tinabwereza: bear, bore, borne. Ya kubadwa ija, "born", ilibe e kumapeto, koma "borne" ili nayo. Wolemba "bare" wanena za kuvula.

Kenako mnyamata wina wa kumbuyo anakweza mkono. "Madamu, ndingati timu yathu 'bore the brunt of the prizes'?" Ndinamuyankha kuti ayi, mawuwa ndi a zowawa zokhazokha: nkhondo, njala, kukwera mitengo kwa zinthu, mkwiyo wa bwana. Komanso satanthauza kuti ena sanakhudzidwe. Onse alawako, koma wina ndiye waona zakuda kuposa anzake, ngati mzere wa chimanga wa m'mphepete mwa munda umene mphepo imayamba kuugwetsa.

Apa ndi pomwe mtsikana wina, yemwe sakonda kuyankhula, anati, "Ndiye chiganizo chanucho sichinafike, Madamu. Si chigawo chonse ayi. Ku Chilobwe, kunsi kwa phiri la Soche, ndi kumene matope anakwirira nyumba." Anzake anayamba kutchula Mulanje ndi Phalombe. Namondwe uja wa mu Malichi 2023 anatenga miyoyo ya anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo ana amenewa akuwadziwa ena mwa iwo ndi mayina. Ndinafufuta chiganizo changa, iye n'kubwera kudzalemba chake, choko chikunjenjemera m'manja. Galamala yake inali yolondola. Mtima wanga unakhuta, chifukwa anamvetsa kuti mawuwa amafuna utchule amene wapwetekeka kwambiri, osamubisa m'gulu.

Masana m'chipinda cha aphunzitsi, mnzanga wa Jogalafe anati bwanji ndingowaphunzitsa "hardest hit", ndi yosavuta kulemba. N'zoona, ndipo ndiwapatsa yomweyonso. Koma "bear the brunt" adzakumana nayo m'nyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo sindikufuna adzaidumphe osaimva. Lachisanu alemba ndime imodzi ya yemwe kwawo amavutika kwambiri chimanga chikakwera mtengo.