Loweruka ku Chileka, kwawo kwa a Kachamba ndi a Fumulani

Lero ndinali ku Chileka kwa amalume. Mwana wawo wamkazi akuchita chinkhoswe mwezi wamawa, ndiye anatiitana kuti tikagwirizane za nkhuku, ufa, nkhuni ndi abale oyenera kuuzidwa msanga. Ndinanyamuka dzuwa lisanakwiye, n'kukwera minibasi m'tauni.

Dalaivala anali ataika nyimbo za Ma Blacks, gulu la reggae la ku Chileka lotchedwa Black Missionaries, monga zimakhalira kawirikawiri pa msewu umenewu. Titangodutsa pa Kameza, mnyamata amene anakhala pambali panga anati, "Awa ndiye ndi magazi basi. Bambo awo ankaimba, ana akuimba. Ukangobadwa Fumulani, pakhosi pamakhala potseguka kale." Bambo wina wachikulire kumpando wakumbuyo anamuyankha kuti, "Mwana iwe, usanatchule a Fumulani uziyamba watchula a Kachamba." Mnyamatayo anatembenuka mwaulemu ndithu n'kufunsa, "A Kachamba ake ati, madala?"

Funso limeneli linandilasa mumtima. Sindikumuda mnyamatayo ayi, palibe amene anamuuza. Koma kukhala mu minibasi yopita ku Chileka osadziwa Daniel ndi Donald Kachamba, pamenepo pali china chimene ife akuluakulu tataya.

Zachinkhoswe tinamaliza mosavuta. Azakhali anali atawerengera kale zonse, ife tinangovomereza n'kugawana ntchito. Titadya nsima ya nkhwani ndi usipa, ndinawauza amalume za m'minibasi muja, ndipo anasiya ndi tulo ta masana tomwe.

Anayamba ndi kale lomwe. Banja la a Kachamba ndi la m'mudzi wa Singano komweko. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 linakakhalako ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, monga ankachitira Amalawi ambiri osaka ntchito, ndipo kumeneko anyamatawa anakumana ndi kwela, nyimbo za chitoliro chachitsulo zochokera m'makomboni a ku Johannesburg. Atabwerera kumudzi anaziimba mwa njira yawoyawo: gitala, chitoliro, chisekese ndi bezi ya chingwe chimodzi yopanga okha. Mu 1967 katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu Blantyre, n'kuyamba kuwajambula ndi kulemba za iwo. Kuchokera apo nyimbo za ku Singano zinakamveka mpaka ku Ulaya. Daniel, amene anthu ankamutcha Dr. Kachamba, anamwalira mu 1987. Mng'ono wake Donald anapitiriza, anayenda maiko ambiri, mpaka mu 1999 anakaphunzitsako ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku America. Anatisiya mu January 2001.

Amalume anaima pamenepo, n'kunena kuti chaka cha 2001 chinali chowawa ku Singano, chifukwa chinayamba ndi maliro a Donald n'kutha ndi a Evison Matafale, woimba reggae amene anayambitsa Black Missionaries, yemwe anafera m'manja mwa apolisi pa 27 November. Ine ndinali ndisanaziikepo pamodzi imfa ziwirizi. Mudzi umodzi, chaka chimodzi, kutaya mwini chitoliro ndi mwini reggae.

Za a Fumulani amalume amazidziwa ngati za m'nyumba mwawo. Robert Fumulani ndi gulu lake la Likhubula River ankamveka pa wailesi ya MBC masiku amene wailesi inali imodzi yokha, ndipo m'bale wake Arnold nayenso anali woimba. Matafale atamwalira, ana a Robert ndi amene ananyamula Black Missionaries kuti isagwe. Musamude anatsogolera mpaka imfa yake mu 2007, wachibale wawo Gift Fumulani amene ankaimbanso payekha anamwalira mu 2008, ndipo lero tikuona Anjiru patsogolo, Chizondi pa kiyibodi. M'gulu lomwelo mulinso dzina lina lobwera kawiri, Takudziwani Chokani pa gitala ndi Paul Chokani pa ng'oma. Dzina la Kuimba, limene Matafale anapatsa zimbale zake ziwiri, anyamatawa sanalisiye, amangoonjezera nambala. Ine chimenechi chimandikhudza kwambiri, chifukwa gulu lililonse likanafuna dzina lakelake, koma iwowa anasankha kukhalabe pansi pa la m'bale wawo.

Apa ndi pamene ndinafunsa, "Nanga amalume, mnyamata uja ananama? Si magazi?"

Anaseka n'kuloza kuseri kwa khitchini, komwe kamdzukulu kawo kanali kakulimbana ndi gitala ya chigubu cha mafuta ndi nsambo za waya wa buleki ya njinga. Anati mwana amaphunzira chimene chapachikidwa pakhoma la kwawo. Kwa mmisiri wa matabwa mwana amagwira sowo asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo kwa a Fumulani chimene chinali pakhoma ndi gitala. Ndikugwirizana nawo. Mawu abwino munthu akhoza kubadwa nawo, koma kudziwa kuchuna nsambo, kulowa pa nthawi yake, kupirira pamene anthu sakuvina, kugona panjira pochokera ku dansi ya kutali, zimenezo umaziona kwa mkulu wako tsiku ndi tsiku. Tikamangoti ndi magazi, timawalanda anthuwa thukuta lawo.

Azakhali, amene nthawi yonseyi ankatokosa moto ngati sakumva, anaponyapo mawu amene ndakhala ndikuwaganizira mpaka pano. Anati inu amuna mumangowerenga maina a bambo. Kuno kummwera ambiri timatsata chikamwini, mwana amakulira kwa amayi ake, pakati pa mbumba, ndipo wamkulu wake ndi malume. Ndiye dzina la bambo limangoonetsa mbali imodzi ya ubale. Matafale sanali Fumulani pa dzina, woimba Anthony Makondetsa si Fumulani pa dzina, koma onsewa ndi pachibale ndipo anakulira dera limodzi. Amene amangoyang'ana maina pa chimbale sangauone ulusi umenewu, ndipo sangaonenso amayi ndi azakhali amene ankaimba pamtondo, pamaliro ndi ku tchalitchi ana amenewa ali kumsana.

Pobwerera madzulo maganizo anandifikitsa ku Balaka. Kumeneko dzina ndi Banda. Paul Banda anayambitsa Alleluya Band pa parishi ya Katolika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mng'ono wake Lucius anakulira m'gululo asanayambe Zembani Band ndi kudziwika kuti Soldier. Lucius anamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa. Komatu a Banda m'dziko muno ndi osawerengeka, ndipo ambiri alibe ubale uliwonse kupatula mfunda. Chimene chinapanga oimba mwa awiriwa ndi nyumba imodzi, tchalitchi chimodzi ndi mkulu amene analola mng'ono wake kugwira chida. Situdiyo ya Paul ku Balaka inatulutsanso oimba ambiri amene sanali a Banda n'komwe.

Nditafika kunyumba ndinasakasaka pa intaneti mpaka ndinapeza nyimbo zingapo za a Kachamba. Zambiri zimene a Kubik anajambula zimasungidwa ku Vienna, ndipo zimandipweteka kuti mwana wa ku Chileka amve agogo a m'mudzi mwake movutikira chonchi. Mawailesi athu ali ndi maola ambirimbiri, sangalephere kupatula theka la ola pa sabata la kwela. Zimene ndapezazo ndawatumizira amalume pa WhatsApp kuti amumvetsere mdzukulu wawo uja, ndipo tagwirizana kuti mu November, pa mwambo wokumbukira Matafale umene umachitika ku Chileka chaka ndi chaka, tidzamutenge.