Mmene zipatala za mano zasinthira kuno ku Johannesburg

Zipatala zambiri zatsopano za mano kuno ku Johannesburg zikukonzedwa moganizira wodwala amene amalowa ali ndi mantha, monga momwe ambiri mwa ife ochokera ku Malawi timachitira. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi kakamera kamene dokotala amakayendetsa m'kamwa m'malo mwa phala lija ankadindira mano, lomwe linkachititsa nseru. Chithunzi chimaonekera pa kompyuta nthawi yomweyo, ndipo wodwala amadzionera yekha mmene mano ake alili asanavomere chithandizo.

Zida zimene zagwiritsidwa ntchito zimalowera mbali imodzi ya chipinda chotsukira, n'kutulukira mbali ina zitaphikidwa ndi nthunzi m'makina ophera tizilombo otchedwa autoclave, kuti zakuda zisasakanikirane ndi zoyera. Chodandaulitsa n'chakuti mitengo yake ndi yokwera kwa abale athu opanda inshulansi ya zachipatala (medical aid).