Lole ya pa Namadzi

Mphwanga ndiye adandiikira Traffic Rider mufoni, ati ndisamasungulumwe. Gemu imeneyi ilibe chisoni. Umayamba ndi kanjinga kofooka, ndipo kuti upeze ndalama zogulira yamphamvu uyenera kumadutsa magalimoto mochita kuwapala, liwiro litapitirira makilomita 100 pa ola. Ukalowa mbali ya magalimoto obwera, mapointi amachulukanso. Imakulipira chifukwa cha misala, kenako nthawi n'kukuthera pomaliza pakuoneka apo. Pakamwa umati basi ndaleka, chala chitadina kale poyambiranso.

Chiwongolero ndi foni yomweyo. Ukaipendeketsa, njinga imakhota, thupi nalo osafuna kutsala.

Loweruka lina ndidakwera minibasi ku Limbe, wa ku Zomba. Adandipanikiza pakati pa mayi wina atanyamula mathireyi a mazira pamiyendo ndi agogo aamuna amene adayamba kusinza tisanafike n'komwe pa Njuli. Ine mahedifoni m'makutu, moto. Mayi aja adandichenjeza ndithu kuti, "Achimwene, chigongonochi," koma ndinali pa levulo yomwe idakhala ikundizunza kuyambira kale, ndipo tsiku limenelo zinkayenda.

Chakufupi ndi Namadzi, masekondi atangotsala pang'ono, lole idatulukira kutsogolo kwanga. Ndidadzigwetsera kumanzere uku ndikukuwa, "Mayo ine, lole! Tafa!"

Adalaivala adaponda buleki mpaka matayala kulira. Kondakitala, amene adaimirira chowerama pakhomo, adakapezeka pamiyendo ya anthu akutsogolo. Agogo aja adadzidzimuka n'kuyamba Atate Wathu kuchokera pakati. Aliyense maso pamsewu: palibe lole, palibe njinga, mbuzi yokha ikudya khoko la nthochi. Chigongono changa chili m'thireyi, mazira akuyenderera mpaka m'nsapato.

Mayi aja sadakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akadakalipa. Adangoyamba kuwerenga osweka mokweza, limodzilimodzi, minibasi yonse ikuwathandiza. Ndalama yobwererera idathera pomwepo.

Kondakitala adanditsomphola foni. "Tiione lole yanuyo, bigi." Ndidamulozera podina mafuta ndi pa buleki. Pofika pa Thondwe nayenso anali akupendekeka pakhomo paja, anthu awiri atawapitiriza siteji, adalaivala akumufunsa ndalama iye osamva.

Kenako adagunda. Adandiyang'ana nkhope ili gwaa, nati, "Koma bigi, wa loleyu laisensi adachita kugula. Dikirani kaye, ndimubwerere."